Dzanja Lamanzere

Lolemba, 9 Juni

Ahedi andiitanira mu ofesi. Akuti woyendera sukulu akubwera Lachisanu kudzaonerera phunziro langa. Akakhutira, ndilembedwa ntchito yokhazikika. Akapanda kukhutira, nthawi yanga yoyesedwa yathera pomwepo, ndibwerere kukayeza misomali mu shopu ya alamu.

Ine kubwerera ku misomali? Ndinayamba kuphunzitsa mongodzipereka, choko n'chogula ndekha. Koleji ndinapita mwana ali kumsana, anzanga akunditchula kuti anti. Ayi ndithu, Sitandade 2 yangayi sindiisiya.

Lachiwiri, 10 Juni

Pa buleki amayi ophunzitsa Sitandade 5 andipatsa "mankhwala". Akuti ndikafunsa funso, ana onse azikweza manja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa lamanzere, ine ndizingoloza a lamanja. "Tonse tinadutsa momwemo, mwana wanga. Mlendo amangoona nkhalango ya manja."

Ndaseka, koma iwo sanaseke.

Akutinso zitsekerero zanga ndibise. Ndi zitsekerero za mabotolo zomwe ndinalembapo maphatikizo, ba, be, bi, ana amalumikiza n'kupanga mawu. Akuti kalasi yanga imamveka ngati msika. N'zoona imasokosa, koma ikuwerenga.

Lachitatu, 11 Juni

Ahedi alowa okha m'kalasi kudzaphunzitsa za manja zija. Anawa theka sadziwa n'komwe kumanja ndi kumanzere! Wina wakweza onse awiri kuti asalakwe. Ndinachita kuluma mlomo.

Amene wamvetsa bwino ndi Kamanyazi, kamtsikana ka pa benchi yakumbuyo kamene kanabwera teremu ino. Sikayankhula, koma mawu a akuluakulu kamawasunga ngati lamulo.

Madzulo ndawafotokozera bambo a kunyumba. Akuti, "Chita zomwe akukuuzazo, ukalembedwa uzikapanga zako." Zandipweteka. Chaka chonse ndakhala ndikuwauza ana kuti kusadziwa si mlandu, ndiye mawa ndiwaphunzitse kubisa?

Lachinayi, 12 Juni

Ndawauza ana kuti za dzulo aiwale. Tichita monga timachitira masiku onse. Zitsekerero zili pa tebulo, sindibisa.

Mantha okha ndiye alipo. Sindinadye.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilembe zisanazizire.

Woyendera uja ndi bambo wa imvi, wosaseka. Anakhala kumbuyo, ahedi pambali pawo. Phunziro linayamba bwino. Kenaka anadzuka, n'kutenga choko changa, n'kulemba pa bolodi kuti galimoto. "Awerenge ndani?"

Manja m'mwamba. Iwo anayang'ana pang'onopang'ono, n'kuloza Kamanyazi. Ndinayang'ana dzanja lomwe mwanayo anakweza. Lamanzere.

Mwana anaimirira n'kunena momveka bwino, koyamba chibwerereni, "Ine sindikudziwa. N'chifukwa chake ndakweza lamanzere, mmene ananenera ahedi."

Ahedi maso pa nsapato. Ine ndinangoona sikelo ya alamu ikundidikira.

Ndisanatsegule pakamwa, ana anayamba okha kuwomba m'manja ndi kuimba mawu athu aja a tsiku lililonse, "Sakudziwa! Timuthandize! Adziwa pompano!" Atatu anathamangira pa tebulo, kusakasaka m'zitsekerero, phokoso lake losasimbika. Ndinadzilimbitsa mtima, n'kugwada pambali pa mwana. Ndinawakumbutsa anzakewo lamulo lathu: kuthandiza si kumuuza yankho. Anamuikira chimodzichimodzi pa benchi.

"Ga," anatero. Kenaka "li". Pa chachitatu anaima nthawi yaitali, ine thukuta kamukamu. Ndinamufunsa kuti ng'ombe imalira bwanji. Anamwetulira. "Mo... to. Galimoto!" Anachita kufuula.

Kalasi inaphulika. Mmodzi anakwera pa benchi, ndipo sindinamutsitse.

Bambo aja anafufuta bolodi, n'kulemba mawu ena, botolo. Anati Kamanyazi awerenge yekha, wina asamuthandize. Anawerenga! Pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba, koma anawerenga.

Titaweruka woyendera uja anandiitanira mu ofesi. Akuti, "Mphunzitsi, za manjazi ndimazidziwa. Ine ndinakweza lamanzere mpaka Sitandade 4, palibe anandilozapo." Ndiye anatembenukira kwa ahedi, "Mphunzitsi ameneyu musamutaye. Ndikasaina lero lomwe."

Ndinatuluka mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati munthu wamkulu. Nditangokhota kuseri kwa kalasi ndinavina ndekha, chikwama chili pamutu. Ndalembedwa! Ine, anti wa ku koleji uja!

Loweruka, 14 Juni

Bambo a kunyumba akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kale. Ndangowasiya. Alamu ndawatumizira uthenga kuti apeze wina wa misomali.

Lolemba, 16 Juni

Ahedi andipatsa moni kawiri m'mawa umodzi.

Pa buleki amayi a Sitandade 5 anaima pakhomo la kalasi yanga, akuyang'ana kumbali. Akuti ali ndi ana angapo akuluakulu amene sawerenga, akhala akukhalira kumbuyo chaka chonse. "Zitsekerero zija, muli nazo zapadera?"

Ndawapatsa chitini chonse. Potuluka anakumana ndi Kamanyazi pakhomo, ndipo iye anawayang'ana n'kufunsa, "Madamu, tibwere tidzakuthandizeni?"