Magetsi Anabwera, Koma Kwathu Sindinanene

Aphungu,

Musandiseke, ngakhale ineyo ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha ngati wopenga. Ndine mayi wa ana awiri, imvi zayamba kale kusuzumira, ndipo ndagwa m'chikondi. Musathamangire kundidzudzula: amene ndamukondayo ndi mwamuna wanga yemwe. Vuto n'lakuti chikondichi chatsamira pa bodza, ndipo bodzalo lili pakhoma la pabalaza, kuseri kwa chithunzi cha ukwati wathu.

Amuna anga amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Tsiku lonse amakhalira "kumanzere, kumanja, pondani buleki, mayi ndati buleki!" moti pofika panyumba mawu amakhala atawathera. Amavula nsapato, n'kukhala pampando wawo, n'kutenga rimoti. Basi, kwatha. Ana anachita kuwapatsa dzina loti a Rimoti, ndipo ine ndinkawaletsa ndi pakamwa pokha, mumtima ndikuvomereza. Si munthu woipa ayi. Samwa, samenya, sayendayenda. Kungoti zaka zonsezi ndakhala ndikucheza ndi khutu lawo lakumanzere, chifukwa ndi limene limayang'ana komwe ndimakhala ine.

Ndiye kunabwera namondwe uja. Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ameneyu anabwera ndi ng'oma zake zomwe. Mphepo inayamba masana, ndipo tisanamalize kuanula zovala inali itakanganula malata a chipinda chathu chogona n'kukawasiya kwa aneba. Madzi analowa kudenga n'kumatsika ndi khoma mpaka pa bokosi la magetsi. Amuna anga anathamanga kukatsitsa swichi yaikulu ija yozimitsira nyumba yonse. Posakhalitsa mtengo unagwera mawaya kumsewu, mapolo anagona pansi, dera lonse linathima.

Tinakokera matiresi pabalaza, tonse anayi: ine, iwo, mwana wathu wamkazi wa kusekondale ndi mchimwene wake wamng'ono. Paliponse podontha tinatchera poto, ndowa, beseni, ngakhale mbale ya galu. Nyama ya mufiriji itayamba kusungunuka tinaiphika yonse pa mbaula, n'kuitana aneba omwe anatisungira malata aja, ndipo tinadya nyama m'mawa, masana ndi madzulo mpaka wamng'onoyo anapempha masamba ndi pakamwa pake. Zimenezi sizinachitikepo chibadwire chake.

Madzulo oyamba amuna anga anakhala pampando wawo monga mwa masiku onse, rimoti ili m'manja, akuyang'ana kanema wozima. Ndinawamvera chisoni. Kenako ndinaona akupendeketsa mutu.

"Tamverani," anatero. "Poto wamkuluyu akuimba besi."

Tinayang'anana ndi ana. Iwo anadzuka, n'kusuntha beseni, n'kuthira madzi pang'ono m'ndowa kuti mawu ake akwere, n'kutenga masipuni awiri. Aphungu, bambo uja anaimba! Anaimba nyimbo imene ankandiimbira pa geti la kwathu akundifunsira, imene ndinkayesa kuti anaiwala kalekale. Ali mkati moimba anandikodola ndi sipuni.

"Amake mwana, mwangokhala? Dzukani tione ngati chiuno chikadalipo."

Ndinavina. Ndinaponda mbale ya galu, ndinagwera m'beseni, ana anaseka mpaka kugubuduka pa matiresi, ndipo amuna anga anandidzutsa ndi manja awiri, osandisiya msanga.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inasanduka ina. Mvula itakata tinakhoma malata tili awiri, iwo pamwamba ine ndikuwapatsira misomali, akundiuza kuti mutu umodzi susenza denga ngati mwambiwo aupeka okha. Madzulo aliwonse amatisimbira za ophunzira awo: abusa amene amatseka maso kupemphera akafika pamphambano, mayi amene amapepesa kwa galimoto iliyonse yomwe aipitirira. Sindinkadziwa kuti amuna anga ndi wanthabwala chonchi. Sindinkadziwanso kuti akamaseka mapewa amayamba ndiwo, mawu n'kutsatira pambuyo. M'mawa ndimawameta ndevu pazenera, iwo n'kumandiuza kuti dzanja langa ndi lofewa. Ine, mayi wamkulu, kumachita manyazi! Denga linakonzedwa kale koma matiresi sitinawabweze kuchipinda, ndipo mapoto timawathira madzi dala.

Tsopano imvani tchimo langa. Ine ndimasoka panyumba, makina anga ndi opalasa ndi phazi, choncho tsiku limene okonza magetsi anafika mumsewu wathu ndinali ndekha. Anadzutsa mapolo, analumikiza mawaya, mkulu wawo n'kugogoda pa geti.

"Mayi, zatheka. Kakwezeni swichi, musangalale."

Ndinathokoza, ndinawapatsa madzi akumwa, ndinalowa m'nyumba n'kutsegula bokosi lija. Dzanja linafika pa swichi. Ndiye ndinacheuka n'kuona mpando uja, rimoti ili pamenepo ikudikira mwini wake. Ndinatseka bokosi, ndinakhoma kamsomali pamwamba pake, n'kupachikapo chithunzi cha ukwati.

Nyumba yathu ndi yomaliza mumsewu, mpanda wake ndi wautali, koma kuwala sikubisika. Madzulo amenewo tikudya, kunja kunali ngwee, wailesi ya pa golosale ikumveka. Wamng'ono uja anasuzumira pazenera.

"Adadi, kwa aneba kwayaka!"

Amuna anga sanadzuke n'komwe. "Agula jenereta," anatero.

"Msewu wonse?"

"Zatsika mtengo."

"Nanga bwanji sizikulira?"

"Zamakono sizilira. Idya."

Aphungu, ndinathokoza Mulungu chamumtima kuti wawatseka m'maso. Mwayi unapitirira. M'mawa mwake chithunzi chija chinagwa poti kamsomali kanga kanali kakang'ono, ndipo ine pothamangira kukagula ulusi ndinangochitsamiritsa pansi, bokosi lili poyera. Pobwera ndinapeza chapachikidwa bwinobwino pa msomali waukulu, chowongoka. Amuna ndi anthu odabwitsa: kukhoma msomali pamwamba pa bokosi, osaganiza n'komwe zolitsegula!

Koma mwana wamkazi sapusitsika. Akukonzekera mayeso omaliza, ndipo dzana anandipeza kumakina n'kutseka chitseko.

"Amayi, ine si khanda. Maso akundiwawa ndi kandulo. Likafika Loweruka musanakweze swichi, ndikweza ndekha, ndipo adadi ndiwauza amene anabisa bokosi."

Akunena zoona, ndipo ndinachita manyazi. Koma ndikuopa. Ndikuopa kuti magetsi akayaka amuna anga azima. Ndikuopanso kuti akadziwa zoti ndawakhazika mumdima dala adzakwiya, ndiye ndidzataya zonse, nyimbo ndi chikhulupiriro chomwe. Ndikweze mwakachetechete n'kunamizira kuti angobwera kumene? Ndiulule? Kapena ndimunyengerere mwanayu ndi tochi yabwino? Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

Ndine,
Mayi T. N., nyumba yomaliza mumsewu wathu.


Mayi T. N.,

Mwandipempha kuti ndisaseke. Pepani, ndalephera, ndipo tiyi wanga watayikira pakalata yanu.

Tiyambe ndi chomwe chilibe mtsutso. Mwana wanu akulondola. Maso ake ndi mayeso ake sangakhale malipiro a chikondi cha makolo ake, ndipo zoti mumugule ndi tochi muziiwale. Mukamupepese ndi mawu omveka. Walira mvula walira matope: mwasangalala, tsopano kolopani.

Koma musanagwire kalikonse, bwererani mukawerenge kalata yanu yomwe. Mwandiuza kuti amuna anu amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Munthu ameneyu ntchito yake ndi kuona: amaona njinga isanatulukire, amaona phazi la wophunzira lisanalakwitse. Tsiku lililonse amadutsa mumsewu wanu pobwera kuntchito, pansi pa mapolo oimikidwa, pafupi ndi golosale yoyaka magetsi. Inu mukukhulupirira kuti bambo ameneyu akuganizadi kuti msewu wonse unagula majenereta osalira? Bodza la jenereta munapeka ndinu? Ayi. Analipeka iwo, mofulumira, osatembenuka n'komwe, ngati munthu amene analikonzeratu ali m'njira.

Nanga msomali? Chithunzi chinagwa, bokosi linali poyera, swichi yomwe anatsitsa ndi dzanja lawo ili pomwepo. Akanafuna kanema wawo, inali ntchito ya chala chimodzi. M'malo mwake anapita kukasaka hamala ndi msomali waukulu. Mayi, m'nyumba mwanumo akuba ndinu awiri, ndipo aliyense akuyenda monyang'ama kuti mnzake asadzuke.

Choncho zonamizira kuti magetsi angobwera kumene, ayi. Mukatero mupulumutsa nkhope yanu koma mutaya mwayi waukulu, chifukwa aliyense adzabwerera pamalo pake akuyesa kuti mnzake wakondwa. Auzeni masana, ana kulibe, mwina pomwe mukuwameta paja, koma lezala muyambe mwaika pansi. Musayambe ndi swichi. Yambani ndi chomwe mwandiuza ine: kuti munawasowa zaka zonsezi ali pomwepo, ndipo mukuopa kuwatayanso. Ndikufunseni, munawauzapo zimenezi chikwatiwire? Kapena munkangosoka, n'kumadikira kuti khutu lakumanzere lilote lokha? Nawonso mwina ankathawira ku rimoti poganiza kuti nkhani zawo za mabuleki palibe amene akuzifuna. Namondwe sanakubweretsereni mwamuna watsopano. Anangozimitsa phokoso, inu n'kuseka nthabwala yawo yoyamba, iwo n'kulimba mtima.

Mukamvana, panganani zinthu zing'onozing'ono zimene mungazikwanitse. Chakudya chamadzulo muzidya kanema atazima. Sankhani madzulo ena pa sabata oti rimoti izigona m'kabati. Mpando uja muutembenuze, kapena inuyo musamuke mukakhale pomwe maso awo awiri angakuoneni. Mpira ukakhalapo asiyeni aonere, si mdani wanu, ndipo musayembekeze gule wa mapoto tsiku lililonse: munthu wotopa amaloledwa kukhala chete. Matiresi abwerere kuchipinda. Ana akula, ndipo inu awiri, monga ndikuonera, chitseko mukuchifuna.

Tsopano chenjezo, ndipo apa sindikuseka. Mwanena kuti madzi anatsika ndi khoma mpaka pa bokosi la magetsi, ndipo mphepo inasasula denga lomwe mawaya amadutsamo. Okonza aja anakonza za kumsewu, za m'nyumba mwanu sanazione. Swichi imeneyo musaikweze inu, asaikweze amuna anu, ndipo koposa onse asaikhudze mwana wanu Loweruka atapsa mtima. Muuzeni lero lomwe. Itanani munthu wodziwa za magetsi adzayese mawaya, masoketi ndi bokosi lomwe, chifukwa waya wonyowa kapena wosupuka amapha, ndipo amayatsa nyumba. Mumuuzenso kuti pamwamba pa bokosipo pakhomedwa misomali iwiri, aone ngati sinalase waya. Podikira, makandulo akhale kutali ndi matiresi, ndipo mbaula ya makala isalowe m'nyumba yotseka mazenera.

Wamagetsiyo akadzafika, adzafuna kuti chithunzi chichoke. Musachichotse nokha. Itanani amuna anu, muwapatse hamala m'manja, muwauze kuti, "Bambo, zulani msomali wanu." Kenako muyang'ane mapewa awo.

Aphungu.