Mulu wa Zovala za Ana

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tadzuka bwino, ndipo mwendo wa amayi wayamba kupola.

Loweruka ndinaperekeza alamu athu, a NyaChirwa, ku kaunjika pa Chintheche kukafuna diresi longovala pakhomo. Kufupika kwawo mukukudziwa. Lililonse lomwe anayesa linkakhwekhwereza pansi. Wogulitsa anati, "Mama, kasankheni pa mulu wa anawo." Anthu anaseka. Mayi wa zaka makumi asanu, mphunzitsi wathunthu! Pobwerera, titafika pa Bandawe, anangoti, "Ndatopa kuvala ngati mwana wanga."

Chonde muwafunire kumeneko madiresi awiri a azimayi aafupi. Ulusi ndaika m'kalata munowu ndayezera pa diresi lawo lakale. Sakudziwa kuti ndakulemberani.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Esnart