Sudo wanu wanditsekera kunja

Bambo a mwana,

Simundipeza, ndathamangira kwa kasitomala wathu wa sitolo ya mankhwala uja, ndikamunyengerere atidikire mpaka madzulo. Foni mwaiiwala pa filiji, ndiye werengani apa bwinobwino.

Pulogalamu imene tikumupangira ija yakana kumangika pa kompyuta yathuyi. Ndimayesa ndalakwitsa ndine, koma vuto ndalipeza, ndipo ndi inuyo. Dzulo pondithandiza kuimanga munayamba ndi sudo, lamulo lokupatsani mphamvu zonse lija, paja inu mumangomuthira paliponse ngati mchere. Mafayilo onse amene anatuluka pamenepo mwini wake tsopano ndi root, bwana wamkulu wa kompyutayi. Akaunti yanga ikati ilembemo ikubwezedwa pakhomo ngati mlendo, m'foda yangayanga! Mphamvu zokonzera zimenezi muli nazo ndinu nokha.

Mukangofika, musanavule ndi nsapato zomwe, pangani chown, lamulo losinthira mwini lija, pa foda yonseyo ndi zam'kati mwake, zibwerere m'dzina langa. Kenako mulowe pa akaunti yanga, mumangenso pulogalamuyo popanda sudo. Iyenda basi, sindikukayika. Ikatheka mundiimbire, ndisamangomwetulira kasitomala ngati chitsiru.

Ndipo musayerekeze zanu zija za 777 zotsegulira aliyense. Kiyi akavuta sitizula chitseko, ndipo m'menemo muli mayina a odwala.

Pepani, tiyi wanu ndamwa ndi mkwiyo, buledi ndamalizanso. Mbale zili musinki. Zimenezo ndiye gwirani mmene mungafunire, palibe amene akufunseni pasiwedi.

Ndine mkazi wanu, mwini foda