Nduna Yopanda Khonde

Lachinayi, mwezi wa Juni, kuno ku Chiputula. Kwazizira chomene, kamvula kowaza tsiku lonse, ndipo palibe amene wagogoda pakhomo.

Masana anaimba Tiwonge, mwana wanga amene amasamalira odwala ku dziko la Aarabu lija la mafumu asanu ndi awiri. Akuti mwina safika povundukula chiliza cha amayi ake mwezi wamawa. Wasintha ntchito, ndiye chilolezo chake chogwirira ntchito chikadali ku unduna wa kumeneko, ndipo akuopa kuchoka chisanatuluke.

Nditamva zoti unduna, mtima unakhala pansi. Za mafumu ndimazidziwa ine! Ndinati, "Mwanawe, kwa mfumu sapita yekha munthu. Peza wamkulu akuperekeze kwa ndunayo, mukagwade, mukaombe m'manja, ukanene kuti amayi ako akugona opanda mwala."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Adada, ndunayo ilibe khonde. Ili m'foni momwemu. Ndikadina, imangoti dikirani."

"Nanga za maliro umaiuza bwanji?"

"Palibe podina maliro, adada."

Kenako anatsanzika kuti, "Yewo, akundiitana ku ntchito."

Ine amene ndinkafewetsa mitima ya anthu pabwalo ndi pakamwa pangapa, lero ndasowa khutu londimvera. Madzulo ndinakonza mawu onse amene ndikanaiuza ndunayo, kuyambira malonje, n'kuwalankhula mokweza kwa mpando wa malemu mkazi wanga Nyachirwa. Anali mawu okoma ndithu, ngakhale mwini mpando akanati ndatalikitsa.

Alamu anga akufuna yankho Loweruka: tidikire mwana, kapena tivundukule mwala iye kulibe. Ndikati tidikire, andifunsa kuti mpaka liti, ndipo ine ndilibe khonde lokafunsako tsikulo.