Kuyamwitsa Pamwamba pa Khoma

9 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Ife kuno tili bwino, kupatula mdzukulu wanu Kamphuno amene wakaniratu botolo. Ndayesa kapu, ndayesa supuni, amangolavula n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira. Kodi ife munkatitani?

Uthenga wanu ndinaumva, woti mpongozi wanu asiye ntchito azikhala pakhomo. Ndiloleni ndifotokoze mmene zilili, ngakhale kulemba sindikutha bwino.

Mpongozi wanuyo atabwerera kuntchito ku shopu kuja, anapeza makina ake owotcherera zitsulo ataperekedwa kwa mwamuna wina. Abwana akuti dzanja la mayi woyamwitsa limanjenjemera. M'malo mwake anamupatsa tsache ndi bulashi yopentera mageti. Amayi, mkazi ameneyu salira wamba, koma tsiku limenelo anachapa ovololo yake kawiri, yoyera kale. Kenako abwana anati adzamubwezera makinawo akaona kuti satuluka pageti masana kukayamwitsa.

Ndiye ndinayamba kumubereka Kamphuno n'kupita naye kuseri kwa shopuyo nthawi yopuma. Kuli khoma lalifupi. Ndinkamupereka pamwamba pake, akayamwa n'kumulandiranso. Anzanga omata matayala andipatsa dzina. Ndikamadutsa amakuwa, "Amayi a Matayala, mkaka watuluka lero?" Ndimangoseka, nanga nditani.

Lachiwiri abwana anatipeza. "Kodi pano pasanduka pa sikelo?" Mpongozi wanu sanamuchotse n'komwe mwana kubere. Anati, "Bwana, pageti sindinatuluke. Anzangawa akusuta fodya, ine ndikuyamwitsa. Nthawi yake ndi yomweyi." Abwana anati akadzaonanso mwana mkati mwa mpanda wawo, mayi wakeyo azipita.

M'mawa mwake ndinasamutsa pampu, jeke ndi matayala anga n'kukhazika m'mphepete mwa msewu, mogundana ndi khomalo. Msewu si wa abwana. Tsopano mpongozi wanu amakhala pamwamba pa khoma, miyendo mkati, mwana kunja, ine nditagwirizira mwanayo kumsana. Abwana anabwera, anasuzumira uku, anasuzumira uko, anapukusa mutu, kenako anandifunsa ngati ndingamate tayala la galimoto yawo. Dzulo makina aja amubwezera. Akuti n'zongoyesa kaye, koma anafika kunyumba akununkha utsi wa chitsulo, akuimba.

Galimoto zoima kuno n'zochepa kusiyana ndi kumene ndinali, koma musadandaule, tikudya.

Amayi, bwerani, tikukufunani. Fumbi ndi phokoso si zabwino kwa mwana, ndipo ndimada nkhawa ndikaganiza kuti posachedwa ayamba kukwawa pakati pa misomali. Masana muzidzangomubweretsa kukhoma kuja, n'pafupi. Koma chonde, mukafika musadzanene zosiya ntchito. Akamva kwa ena amayankha, koma akadzamva kwa inu adzangoti "chabwino Amayi", ndipo adzasiyadi. Zimenezo n'zimene ndikuopa.

Moni kwa abambo. Muwauze kuti mwana akunenepa. Zobereka mwana kumbuyozi ndidzawauza ndekha ndikapeza mphamvu. Mpongozi wanu akupereka moni wambiri, sakudziwa kuti ndalemba zonsezi. Kamphuno wagona pamwendo panga ndipo sindikufuna kumudzutsa, ndiye mundikhululukire zilembo zopindikazi.

Ine mwana wanu,
Bambo a Kamphuno