Sape ya Jalong pambali pa bedi la Mervin

Beech Grove, Indiana
14 Febuluwale 2006

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, ku ntchito ndikupitabe. Kukuzizira kwambiri.

Mwana wanga Mervin anamuchotsa ku South Bend kumene anachitira ngozi kuja. Tsopano ali m'chipatala kuno ku Indianapolis. Sanatsegulebe maso.

Mnzake wa kusukulu, Jalong, wa mtundu wa Adayaki a ku Borneo, amabwera Loweruka lililonse ndi choimbira cha kwawo chotchedwa sape. Ndi mtengo umodzi wosemedwa ngati bwato, kumbuyo kuli mphako, nsambo zilipo zinayi. Nyimbo imatuluka pa nsambo imodzi, zinazo zimangong'ung'udza. Akuti makolo awo ankaimbira odwala. Nditamufunsa ngati si zamizimu, anati, "Ayi Mama, ifenso timapemphera." Ndinamulola.

Amaimba motsitsa. Anamwino amaima pakhomo, wina analira. Ine mumtimamu simumveka kanthu. Ndimangoyang'anira timitengo tomatidwa ndi phula pansi pa nsambozo, chifukwa kamodzi kanamatuka ndi kutentha kwa m'chipindamo, ndinachita kukatola kunsi kwa bedi.

Dzulo adokotala anandiitanira m'kachipinda kena ka mipando yofewa. Anakamba za makina amene akumuthandiza Mervin kupuma. Akuti poti ndine mayi wake, ndinene ndekha ngati awazimitse kapena ayi. Ndinawauza kuti kwathu mwana ali ndi amalume ake, ine sindingayankhe. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Kalatayi ikafika, mupite ku sitolo ya a Chawezi kumene kuli foni. Ndiziimba Lamlungu lililonse madzulo a kwanuko mpaka ndikupezeni. Amayi musawauze kaye. Adokotala avomera kudikira mawu anu.

Ndine mlongo wanu,
Belinda