Petulo wa M'zigubu

Lachinayi, sabata ya makuponi a feteleza. Lero landiphwetsa.

Kufilingi kulibe ndi dontho lomwe, ndiye m'galimoto ya mpikisano ndathira petulo wa mavenda wonunkha palafini. Ndikangokweza tayimingi ya injini, tebo, chipangizo chowonjezera mphamvu, n'kuyamba kuliza mluzu, injini ikugogoda ngati muli misomali. Ndawonjezera mafuta, yangofuka utsi wakuda. Ndabweza tayimingi, mphamvu yonse yathawa.

Achimwene, eni galimoto, angoti, "Mpikisano wa liwiro ndi Loweruka, uona wekha chochita." Ndichitenji? Pisitoni ikasungunuka, ina ndikaipeza kuti muno m'Kasungu?

Madzulo ndakayesanso pamsewu wa ku Kaomba. Yatsokomola kawiri, n'kuzima. Ng'ombe za bambo wina wochokera kokatenga feteleza ndizo zandikoka mpaka kunyumba. Panjira andifunsa kuti, "Kodi yothamanga ija ndi imeneyi?"

Ndangoti inde.